Ndaimwetsa oyilo wambiri njinga ya asibweni

"Giyabokosi si ndowa, iwe!" Amenewo ndi asibweni, achimwene awo a amayi, kundikalipira mpaka mbalame zonse za mumpunga wa ku Hara kuthawa. Moni nonse, nkhani yake ndi iyi.

M'mawa anandituma kuti ndiwonjezere oyilo m'giyabokosi ya njinga yawo yamoto ija, yakale kuposa mafupa a anthu amakedzana amene anafukulidwa ku Uraha. Anati ndikachita bwino andisiyira makiyi, ndizinyamula mpunga kupita nawo ku Ngara. Langizo linali limodzi: masula kabawuti ka m'mbali, thira mpaka oyilo ayambe kudontha pabowopo, basi.

Ine ndinaitsamiritsa pamtengo wa mango, kabowo kaja katayang'ana kumwamba. Ndiye akanadontha bwanji? Ndinathira, ndinathira, botolo lonse kutha, ine n'kumati ndi ludzu la ukalamba. Sindinadziwe kuti njinga imayenera kuima chilili poyeza.

Asibweni atailiza sanafike n'kumsewu komwe. Oyilo analavukira patayala lakumbuyo, njinga kuterereka, asibweni m'ngalande ndi thalauza lawo loyera lopita nalo kukwaya. Sanavulale. Atamaliza kukalipa anaponya makiyi m'thumba la thalauza lamatopelo osandiyang'ana n'komwe. Zimenezo zandipweteka kuposa mbama, chifukwa ndi iwo okha amene anandikhulupirira chimalizireni sukulu.

Abale, ndikapepese lero lomwe, kapena ndidikire mtima wawo uzizire?

Yankho la Lusekelo: Pita ukapemphe kuchapa thalauzalo, aise. Makiyi ali m'thumba momwemo.