Mbuzi ya a Madamu

Loweruka m'mawa ndinanyamuka pasukulu ndi a Madamu athu a sayansi, ochokera ku Sri Lanka. Iwo ndi a chipembedzo cha Buda. Akhala akutumbula achule kwa zaka zambiri kuti ife tione mtima ndi mapapu, ndipo zimenezi zimawasowetsa mtendere. Kwawo, akuti, wopha chamoyo amayenera kumva chisoni, kulonjeza kuti sadzabwereza, kenaka kuwombola chamoyo china chimene chikukaphedwa. Choncho anandipempha kuti ndiwaperekeze kukagula mbuzi yokaphedwa, tipite nayo kwathu ku Palabana, atate akawasungire mpaka idzafe ndi ukalamba.

Pamsika wa Chongwe anyamata a chipani anatifunsa makadi a chipanicho, koma ataona zovala zachilendo za a Madamu anangotisiya. Mbuzi tinaipeza kuseri kwa butchala, itamangidwa kale miyendo.

"Nidule mutu pamene pano, ba Madamu?" anafunsa wogulitsa akunola mpeni.

"Aifuna yamoyo," ndinayankha.

"Yamoyo? Nanga azaidya bwanji?"

Titaigula, basi ya ku Lusaka inatikana chifukwa cha mbuziyo. Tinakwera lole ya makala, munthu ngwee makumi asanu, mbuzi theka. Pa chipata cha asilikali, mmodzi anasuzumira n'kufunsa ngati mbuziyo ili ndi chitupa. A Madamu anayamba kufufuza m'chikwama, mpaka msilikaliyo anaseka n'kutiuza tipite.

Tinatsika ku Silverest dzuwa lili pamutu. Tikudikira galimoto yonyamula zitini za mkaka yopita kwathu, ine ndinadya zitumbuwa, mbuzi inadya pepala limene anakulungiramo.

Kwathu anatilandira bwino. Koma malonje asanathe ndinamva mapiko kuseri kwa nkhokwe. Ndinathamanga, ndipo ndinapeza amayi ataponda tambala wofiira, mpeni uli m'manja. Tambalayo akanafa chifukwa cha a Madamu, ulendo wonse ukanapita pachabe.

"Amayi, musaphe."

"Mlendo wotere adye nkhwani? Ufuna atiseke kuti ndife oumira?"

A Madamu anafika pambuyo panga. Anagwada pafumbi, n'kuyesa Chinyanja chawo chochepa. "Amayi, nipempha. Ine nikonda nkhwani."

Amayi anawayang'ana, kenaka anaika mpeni pansi. Koma tambala sanamumasule. Anamumanga miyendo ndi luzi.

"Mlendo sachoka pano chimanjamanja," anatero. "Ngati simudya, mutenge wamoyo."

Titadya, a Madamu anamanga ulusi woyera m'khosi mwa mbuzi n'kuinong'oneza mawu a kwawo. Atate analonjeza kuti siidzaona mpeni, "koma ikadya chimanga cha eni, mudzabwere mudzayankhe nokha."

Tinabwerera madzulo, tambala ali m'khwapa mwa a Madamu. Ndaphunzira kuti kufufuta choipa si ntchito ya tsiku limodzi, chifukwa chimene wawombola chimafuna kudya tsiku lililonse. Lolemba tinaphunzira za chule wojambula pabolodi, tambala akulira kunyumba za aphunzitsi.