Mabokosi Amene Anang'ambidwa pa Maliro a Mayi

Ndinayamba kutolera timagalimoto tachitsulo ndisanazolowere n'komwe kuzizira kwa London. Ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba ku Lewisham, ndipo Loweruka lina ndinapita kumsika wa ku Romford kukafuna jekete. Jekete sindinagule. Ndinabwerako ndi kagalimoto kofiira, kotalika ngati nsapato yanga, kamatayala akumbuyo onenepa, akutsogolo owonda, injini itatumphukira pamwamba pa boneti. Mzungu wogulitsayo anandifotokozera kuti magalimoto enieni ake ndi akale a ku Amereka, opikisana awiriawiri pamsewu waufupi wowongoka, mpikisano wake wotha munthu usanameze malovu. Anandichenjeza chinthu chimodzi chokha: bokosi lake losatsegula. Ukangong'amba, kagalimotoko kasanduka chidole wamba.

Lamulo limeneli ndinalisunga kuposa malamulo ena ambiri amene ndinakula nawo. Patapita zaka, khoma lonse la kuchipinda kwanga linadzaza mabokosi. Kunali kachikasu kamalawi a moto m'mbali, kakuda kokhala ndi timatayala tiwiri kumbuyo toletsa kugadabuka, kobiriwira kamene ndinakasaka miyezi yambiri. Ndikaweruka, thupi likununkha mankhwala ndi matewera a anthu akuluakulu, ndinkapukuta fumbi pa mabokosiwo n'kumasuzumira pa kawindo ka pulasitiki. Mtima unkakhala pansi.

Amalawi anzanga sindinkawauza. Ndimawadziwa anthu akwathu. Bambo wandevu zake, wosakwatira, kusunga zidole? Nkhani ikanafika kwa Amalawi a ku Wembley tsiku lomwelo, mawa lake kumudzi.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankadziwa. Anali nesi pachipatala cha ku Romford, mkulu wa mpingo wathu, wamkulu kwa ine, ndipo ndi amene anandilandira pabwalo la ndege n'kundigoneka pamphasa yake ya thonje mwezi wathunthu. Ndinkawatchula achimwene. Iwowa ankandiperekeza kumisika ya otolera zinthu zakale, kundinyamulira mabokosi m'sitima, mwinanso kunditsutsira mtengo. Kobiriwira kaja anakapeza ndi iwo. Lamulo la bokosi ankalidziwa bwino lomwe, moti tsiku lina anakalipira mnyamata wogulitsa chifukwa chogwira bokosi ndi manja amafuta.

"Aliyense ali ndi kake, mphwanga," ankatero. "Ena ndi mowa, ena ndi betting. Iwe ndi ma car ako. Palibe vuto."

Ndinkawakhulupirira ndi mtima wonse.

Kenako mayi anamwalira ku Zomba. Pasipoti yanga inali kuofesi yoona za alendo, ndikudikira chilolezo chatsopano, ndipo kuchoka kukanatanthauza kusabwereranso. Sindinapite. Maliro a mayi anga, onse amene ndikanakhala nawo, anali oti achitikire m'nyumba yanga yazipinda ziwiri, pamwamba pa shopu yochapira zovala.

Kuno timachita monga kwathu. Anthu amabwera kudzakhuza ngakhale thupi lili kutali. Mipando imakankhidwira kukhoma, amayi amakhala pansi ndi zitenje pamwamba pa mayunifomu, ndipo namfedwa sayendetsa kanthu. Amakhala pakona, kulandira manja, kuyankha motsitsa. Nyumba imakhala ya anthu. Makiyi onse ndinapereka kwa achimwene, ndipo popereka ndinawanong'oneza kuti kuchipinda kuzingoikidwa majekete basi. Anandigwira paphewa n'kugwedeza mutu.

Tinapangana ndi mlongo wanga wamkulu kuti pa nthawi yoika, tiimbe foni kumanda kuti ndimve zonse. Anthu anasonkha makadi oimbira kunja. Masanawo foni inaikidwa pakampando patsogolo panga, mawu atakwezedwa. Ndinamva mphepo, ndinamva amayi a mvano akuimba, ndinamva mbuzi ikulira chapatali. Ndinatseka maso, ndipo kwa kanthawi ndinali ndili kwathu.

Vuto linali ana. Anabwera ambiri, ana obadwira kuno, osazolowera kukhala phee pamaliro. Ankathamangitsana m'kakhonde ka m'nyumba, akukuwa m'Chingerezi. Mayi wina anawakalipira, osamva. Achimwene anadzuka n'kutuluka, ndipo posakhalitsa kunja kuja kunati zii. Ndinawathokoza mumtima.

Ndiye ndinamva katoni ikung'ambika.

Phokoso limenelo silisokonekera ndi lina. Inang'ambika ina, kenako ina. Kunatsatira kulira kwa timatayala pathabwa, ndi mawu a achimwene, aulemu ngati a pa guwa: "One each, ana inu, one each. Quietly." Kagalimoto kofiira kaja kanalowa pakhomo kokha, kanadutsa pakati pa miyendo ya amayi awiri n'kudzagunda mwendo wa kampando pamene panali foni. Galasi lake lam'mbali linathyoka n'kugwera pafupi ndi chala changa.

Namfedwa sadzuka kukalanda ana zidole. Namfedwa sakweza mawu pamene mayi ake akutsitsidwa m'manda. Ndinakhala pomwepo ngati chitsa. Mlongo wanga ankalankhula pafoni, ndikudziwa kuti ankalankhula, koma makutu anga anali pakhonde, kutsatira bokosi lililonse. Ndinamva chinthu cholemera chikugubuduka pamasitepe mpaka pansi, ana n'kuseka. Misozi inatuluka, yaukali, yotentha.

"Lirani bambo, musadzigwire," anatero mayi wina akundisisita pamsana.

Pamene maganizo anga ankabwerera pa foni ija, kumanda kunali kutatha. Wina ankathokoza anthu obwera n'kulengeza kuti apite kunyumba akasambe m'manja.

Madzulo anthu akutsanzika, mwana aliyense anatuluka ndi galimoto m'manja. Achimwene anali atawauza kuti ankolo awapatsa. Makolo ankandigwira chanza ndi manja awiri, kundithokoza kuti ngakhale pachisoni ndakumbukira ana awo. Ukanakhala iwe ukanati chiyani? Ndinkangoti zikomo. Kuchipinda ndinapeza makatoni atapondedwapondedwa pansi pa majekete otsala, ndi mabokosi ochepa amene anapulumuka chifukwa anali pamwamba kwambiri.

Ndinadikira mpaka masiku a chisoni atadutsa. Tinakumana pasiteshoni ya sitima iwo akuchokera kuntchito, ndipo ndinawafunsa mosazungulira.

"Achimwene, inu mumadziwa. Mwa anthu onse aja, inu nokha mumadziwa."

Anandiyang'ana modabwa, kenako anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wamkulu poyankha mwana.

"Aa, mphwanga, ukadali pa nkhani ya ma toys? Ana amasokosa, abusa amafuna order, ndikanatani? Ine ndimati pa tsiku ngati lija sungaganizeko za zidole. Komanso wakula tsopano. Mwina Mulungu wakuthandiza kuzisiya."

Zidole. Zaka zonse zija, m'sitima zonse zija, bokosi lili pamiyendo pawo, mumtima ankati zidole. Ankandiperekeza ngati mmene timaperekezera okalamba athu kuntchito akamafunafuna basi yopita kumudzi umene kulibenso: osatsutsa, kungoyenda nawo mpaka atatopa. Zimenezi zinandipweteka kuposa makatoni aja. Sindinawatukwane, ngakhale mawu anali pakamwa. Ndinakwera sitima yolakwika dala kuti tisakhale limodzi.

Kutolera ndinasiya. Sikuti ndinakula ayi, koma ndikaona bokosi pamsika ndimamva fungo la tsiku lija. Mpingo sindinasiye, ndipo achimwene timapatsana moni, wa pakamwa.

Chilolezo chitatuluka ndinapita kwathu. Mlongo wanga ananditengera kumanda m'mawa, tinazula udzu, tinakhala pamwala. Ali chiyang'anire mtumbirawo anandiuza kuti mayi, atatsala pang'ono kutisiya, anasankha nyimbo imodzi yoti idzaimbidwe powatsitsa, ndipo ananena kuti imeneyo ndi ya mwana wawo amene ali kunja, aimve ali komweko.

"Ndinakweza foni m'mwamba mpaka mkono kuwawa," anatero. "Unaimva bwinobwino eti?"

Ndinayang'ana dothi lofiira la pamtumbirapo. Sindinadziwe n'komwe kuti inali nyimbo iti.