Dzina la Mwana Wanga ndi Lamulo la ku Lusaka

Linali Lachitatu, pa 14 Meyi 1997, teni awazi m'mawa, pamene ba Sisita anandikana pamaso pa mlendo wochokera ku Lusaka. Ndinali nditagwada pakhonde la kiliniki ya m'komboni mwathu ku Livingstone, mwana ali kumbuyo, sikelo ili pambali panga.

Ba Sisita anali namwino wamkulu pa kilinikiyo. Agogo awo aamuna ndi agogo anga aamuna anachokera limodzi ku Malawi wapansi kudzafuna ntchito ya njanji. Sanali pachibale, midzi yawo inali yotalikirana, koma anagona m'tchire limodzi, ndipo kuyambira pamenepo mabanja athu ankakhala ngati nyumba imodzi. Pa maliro a bambo anga, ba Sisita ndiwo anasunga makiyi a nyumba yathu. Nditabereka mwana wanga woyamba, mayi anga anati ba Sisitawo ndiwo amutulutse m'chikuta ndi kumutcha dzina. Apongozi anga kumudzi ku Mukuni anali atakonzanso lawo, koma ine ndinatenga la ba Sisita. Kuyambira pamenepo ine sindinapitekonso.

Chaka chimenecho amuna anga ntchito ya njanji inawathera. Ankati tisamukire ku Mukuni, iwo azikasema ziboliboli zogulitsa kwa alendo obwera kudzaona mathithi. Ine ndinkaopa. Ndinabadwira m'tauni, sukulu ndinalekeza Giredi 5, ndipo ndine munthu wamanyazi. Ndikanakhala bwanji pakhomo pa mayi amene ndinawakanira dzina?

Ba Sisita ndiwo anandipulumutsa. Boma linali litawapatsa ndalama zochitira kafukufuku, kuti apeze chimene chimaondetsa ana akangosiya kuyamwa. Anandiuza kuti ndizinyamula sikelo ndi kakabudula kolowetsamo mwana pomupima, ndipo ndizilandira kangachepe pakutha pa mwezi. Amuna anga anavomera kuti tiyambe takhala m'tauni.

Poyenda m'makomboni ankakonda kundifotokozera malamulo a ndalamazo, mwina pongofuna kupepuza mtima. Ankati si aliyense angazipemphe: uyenera kukhala wogwira ntchito m'boma, wa mapepala a sukulu, komanso mkulu wa chipatala akusainire. Za mafuta a galimoto sungagulire chakudya. Ukagula ngakhale batire la tochi, risiti isataike. Ndipo nthawi ina iliyonse kudzabwera munthu wochokera ku Lusaka kudzaona ngati zonse zikuyenda m'njira yake. Ine ndinkangomvetsera, ndikunyadira kuti akulu anga akudziwa zinthu zazikulu chotero. Lamulo limodzi lokha sanandiuze.

Mlendoyo anali bambo wansangala, wonenepa, thukuta lili kamukamu. Nditagwada kuti ndiwapatse moni, anasuzumira kumbuyo kwanga naseka.

"Aka kamwana musakapime, kazaphwanya sikelo ya boma! Dzina ni ndani?"

Ndinawauza, maso ali pansi.

"Dzina labwino. Anamupatsa ni atate ake?"

Kwathu, munthu akafunsa za dzina la mwana, umatchula amene anamutcha. Kubisa n'kumunyoza. Ndipo ndinkafuna kuti bwanayo adziwe ulemu wa ba Sisita. Ndinadzilimbitsa mtima, ine amene sindiyankhula pagulu.

"Ni ba Sisita, ba bwana. Ni akulu anga. Ndiwo anamutulutsa m'chikuta."

Kuseka kunatha. Bambowo anatembenukira kwa ba Sisita.

"Ni m'bale wanu uyu? Lamulo mulidziwa. Ndalama izi sizilipira wachibale."

Ndinadikira kuti afotokoze za agogo athu ndi ulendo wa wapansi. Zikanangotenga mawu ochepa. Ngakhale bwanayo anawatsegulira khomo.

"Ngati si wamagazi, palibe vuto," anatero. "Mungolemba kuti ubale wake ni wotani, ine nipite nazo."

"Iyayi, ba bwana," anatero ba Sisita. "Azimayi a m'komboni onse amanitana akulu awo. Uyu sinimudziwa bwino, ninangomupeza pa mzere wa sikelo. Koma kuti pasakhale nkhani, asiya lero."

Anayankhula mosadodoma, ngati akuuza mayi tsiku lobwera ndi mwana ku katemera. Mwana kumbuyo kwangaku anali atafunda shawelo imene iwo anamugulira. Ndinadzuka, n'kuiimika sikelo bwinobwino pakhoma, n'kutuluka pageti. Sindikumbukira njira imene ndinadzera.

Masana ndinabwerera kukatenga chitenje chimene ndinaiwala. Galimoto ya ku Lusaka inali itapita. Pakhonde ndinapeza mtsikana akuyeserera kukoleka sikelo ija pamtanda. Ndinamudziwa. Anali mwana wa mlongo wa amuna awo a ba Sisita, ankakhala kunyumba kwawo ku Nottie Broadie. Wachibale weniweni, kungoti dzina la bambo ake linali lina.

Ba Sisita anatuluka atanyamula chitenje changa, atachipinda bwino.

"Iwenso pakamwa!" anatero. "Masiku onse uli duu, lero ndiye wasankha kulalikira? Uyu adziwa kukhala chete."

"Simunandiuze, akulu."

"Nikanakuuza ukanakwanitsa kunama? Ukananjenjemera ngati nkhuku yonyowa. Akanalemba dzina langa kuja ku Lusaka, chaka chamawa sakananipatsanso ndalama. Usakwiye. Pa Sande tizaonana ku tchalitchi, ndiwe mng'ono wanga iwe."

Mawu omalizawo ndiwo anandipweteka kuposa a m'mawa aja.

Lamulolo sindinadane nalo, ngakhale lero. Ndalama za boma ndi za anthu onse, ndipo ndikudziwa kuti popanda lamulo lotero aliyense akanadzaza abale ake. Chimene chinandikhala pamtima n'chakuti iwo ankalidziwa kuyambira tsiku loyamba, ndipo atapatsidwa mpata wonena zoona, zoona zimene zikanatipulumutsa tonse awiri, anaona kuti chapafupi n'kusandidziwa.

Amuna anga anamvetsera nkhani yonse akusenda nzimbe. Ndinkaganiza kuti akalipa, koma anangopukusa mutu.

"Ndiye agogo ako anayenda mtunda wonse uja kuti akupezere mkulu wa pa Sande pokha?"

Ndinaseka pang'ono, kenako ndinalira. Iwo sanatchule za ku Mukuni. Panalibe chifukwa, tonse tinkadziwa kuti chimene chinkatisunga m'tauni chatha.

M'mawa mwake ndinachapa shawelo ija, n'kuisiya pachingwe kwa mayi anga. Ndinabereka mwana ndi chitenje changa, n'kupempha malo pa kagalimoto ka anthu osema ziboliboli kopita ku Mukuni. Apongozi ndinawapeza akusesa pabwalo. Ndinagwada patali, n'kumasula mwana.

"Amayi," ndinatero, "dzina lija munakonza lija, lidakalipo?"

Anayang'ana mwanayo. Kenako anaika tsache pansi, napukuta manja, natambasula mikono. Ndinawapatsa mwanayo.