Tsiku limene adzukulu anakhala pansi

Kwathu, kuseri kwa Mbulumbuzi, munthu wodziona ngati anabadwa yekha ali ndi mayina ambiri, ndipo amuna anga anawatolera onse. Ndinkawamva limodzilimodzi pamjigo. Chaka chimene tinakwatirana, chija tinavotera zipani zambiri, anthu ankati ndi onyada. Limenelo silinandipweteke. Kunyadako ngakhale ine ndinali nako, nanga ndani wina anabweretsa pamudzi mkamwini wogwira ntchito m'sitolo ku Limbe, wovala tayi? Kenako anati ndi amatama, chifukwa nkhani iliyonse, ngakhale ya nandolo, inkakathera pa iwo. Sitolo ija itatsekedwa, iwo n'kumasitabe malaya m'mawa uliwonse kuti akangokhala pakhonde, amayi a m'mudzi anati akudzitukumula ngati finye. Anyamata ankangoti amadzimva. Ine pena ndinkaseka nawo, pena ndinkawaikira kumbuyo.

Liwu limene linandiopsa linabwera ndi atsibweni anga, alongo awo a mayi, amene ankayang'anira mbumba yathu.

Zaka zimenezo maliro anali osatha. Matenda aja tinkaopa kuwatchula anali atalowa nyumba ndi nyumba, ndipo sabata sinkadutsa osamva kulira. Munthu akamwalira, adzukulu, amuna okumba manda, ankalawira ndi makasu kusanatenthe. Mwamuna aliyense wamphamvu ankayenera kupezekako, makamaka mkamwini amene akudya za m'munda wa eni ake. Panalibe kaundula, koma adzukulu ankadziwa amene wabwera ndi amene sanabwere.

Amuna anga sanapondeko ngakhale kamodzi. Ankafika mwambo utayamba, atavala nsapato zawo zoyera za pakaunjika, n'kukhala pampando wa akuluakulu a mpingo. Fumbi likawagwera ankalipukuta ndi kampango anthu akuimba.

Tsiku lina atsibweni anandipeza ndikusenda chinangwa. Anakhala pamtondo osandiyang'ana.

"Iwe, bambowa uwauze. Maliro n'kulirana. Adzukulu akuona."

"Ndi kunyada chabe, atsibweni. Mtima wawo ndi wabwino."

"Iyayi, mwana wanga. Wonyada amafuna umuone, ndiye kuti akudziwa kuti ulipo. Awawa ndi odzikonda. Wodzikonda sakuona n'komwe."

Madzulo ndinawauza amuna anga. Anali akudula ndevu pagalasi lawo lopachika pazenera, ndipo sanacheuke.

"Nsanje basi. Ine ndi sukulu yangayi ndizikakumba maenje? Amene alibe chochita azikumba."

Kuyambira tsiku limenelo mantha anandilowa m'mafupa. Tinali ndi mwana mmodzi, wamkazi, wa zaka zitatu, wokonda kuvala patapata mosemphanitsa. Akangotentha thupi pang'ono, ine ndinkachezera usiku wonse ndikumuyang'anira. Ndinayamba kuthamangira maliro alionse, ngakhale a kutsidya kwa mtsinje. Ndinkatunga madzi, kutola nkhuni, kuphikira adzukulu ndi kuwaperekera ndekha chakudya kumalire a manda, nditagwada mpaka pansi. Ndinkaganiza kuti thukuta langa lingafafanize mlandu wa amuna anga. Mkulu wa adzukulu, bambo wachikulire wa diso limodzi, ankalandira mbale n'kunena kuti, "Zikomo mayi. Apatseni moni abwana." Moni ameneyo ankandizizira msana.

Mvula ya chaka chotsatira itafika pachimake, mwana anadwala malungo. Ndinapempha amuna anga kuti atikweze panjinga, iwo anati msewu uli ndi matope, nditsogole, andipeza akamaliza kusita. Ndinamubereka mpaka kuchipatala. Anamwino anayesetsa, koma malungo anali atakwera kumutu, ndipo tsiku lachiwiri masana mwana wanga anatsirizika m'manja mwanga.

Ndinene chinthu chimene sindinauzepo munthu. Atamufunditsa nsalu kumaso, ganizo loyamba limene linandifikira silinali la mwana. Linali lakuti, adzukulu. Mpaka lero ndimachita nalo manyazi, ndipo ndimakwiya kuti munthu wina anandibera ngakhale kulira kwanga.

M'mawa mwake ndinali pasiwa ndi amayi anzanga, khutu lili kumanda. Manda athu ali pafupi, ndipo makasu akamagunda pansi amamveka. Tsiku limenelo kunali zii. Dzuwa linakwera, nyimbo zinayamba kuchepa mphamvu, amayi n'kumanong'onezana. Kenako ndinaona khasu litatsamiritsidwa pakhomo pathu, pamene panalibe khasu dzulo lake.

Mlamu wanga anandinong'oneza. "Adzukulu akhala pansi. Malo alemba kale, koma akuti bambo a mwana apite akayambe okha."

M'nyumba munali kutentha, ndipo ntchentche zinali zitayamba kuzungulira kabokosi. Kumwamba cha kuphiri kunali kutada, mvula ikubwera. Ndinaganiza za mwana wanga akugona tsiku lina pamphasa, akusintha pamaso panga, ine mayi wake ndikuonerera.

Ndinalowa kuchipinda. Amuna anga anali atakhala pabedi, atavala kale jekete, nsapato zoyera zili kuphazi. Atsibweni, munthu wa imvi, anali atagwada patsogolo pawo.

"Bambo, kungogunda katatu kokha. Ena apitiriza. Ndapota nanu."

"Akufuna andionetse kuti ndine ndani? Sindipita. Atopa okha."

"Mwanayu ndi wanu, bambo," ndinatero ine.

"Ndiye n'chifukwa chake akufuna kundichititsa manyazi. Iwe sukuona?"

Ndinawayang'ana kumaso kufuna kuona ngati muli chisoni chobisika, mwina chimene chikutuluka ngati makani. Ndinapeza munthu wokwiya kuti akumuderera, basi. Pamenepo ndinawaopa kuposa mmene ndinkaopera adzukulu.

Sindikumbukira kuti ndinaganiza chiyani. Ndinatuluka, n'kunyamula khasu lija. Amayi anakuwa, wina anandigwira chitenje, ndinamukutumula. Kwathu mkazi sakumba manda, ndipo mayi wa malemu sapondako dzenje lisanathe. Ndinkadziwa zimenezo. Nditalowa m'mitengo ya kumanda ndinkangoyembekeza kuti chinachake chindigwetsa.

Adzukulu anali atakhala pamizu ya mitengo, makasu ali pambali. Atandiona analeka kulankhula. Malo anali atalembedwa pansi ndi ndodo, kafupi, kosakwana mikono iwiri. Kufupika kwake ndi kumene kunandiliza. Ndinakweza khasu n'kugunda. Ndinagundanso. Ulendo wachitatu khasu silinatsike, mkulu uja wa diso limodzi anali ataligwira mpini.

"Basi, mayi. Mwatitukwana mokwanira. Mlandu si wanu, ndipo si wa mwanayu."

Anatembenukira anzake. "Dzukani, amuna inu."

Amayi awiri anadzandichotsa, ndipo ndisanafike kunyumba makasu anayamba kumveka. Tinaika mwana mvula ikuwaza. Amuna anga anabwera, anaima pamalo pouma pansi pa ambulera.

Anthu atabalalika tsiku lachitatu, amuna anga anandiitanira m'nyumba. Mumtima ndinati mwina tsopano alira, mwina atchula dzina la mwana.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa mudzi wonse," anatero. "Anthu aziti chiyani za ine?"

Ndinapita kwa atsibweni, ndipo iwo anaitana ankhoswe. Pakhomo panali pathu, munda unali wathu, choncho wochoka anali amuna anga. Ndinawalongedzera ndekha malaya, tayi, simbi ndi galasi lija, n'kuika chikwama pakhonde.

Anachitsegula pomwepo n'kuona chimodzichimodzi. Kenako analowanso m'nyumba, n'kulunjika pawindo pamene ndinaika patapata ta mwana. Ndinati atengako kamodzi, akhale nako. Anatisuntha ndi chala, n'kutenga kachitini ka polishi kamene kanali kuseri kwake.