Chiphaliwali ndi chipewa cha a Mbewe

Ndikukumbukira fungo la chipinda cha maphwando pansi pa nyumba yathu yosanjikizana ku Scarborough, kutsidya kwa nyanja: nkhuku yokazinga, majekete onyowa ndi sinowo, kapeti yakalekale. Ndinali mu giredi faifi, wopenga ndi makomiki, timabuku ta nkhani za zithunzi. Ndinali nditajambula yangayanga, ya Chiphaliwali, munthu wouluka wopulumutsa anthu m'sitima za pansi pa nthaka.

Vuto linali mdani wake. Ndinkafuna woipa weniweni, ndipo kwathu woipa ankadziwika. Pa chakudya chilichonse bambo ankatokota za chipani china cha kumudzi, ndi za mnzawo a Mbewe, amene ankachikonda mpaka kuvala kachipewa kake m'chisanu cha kuno. Ine ndinkangomeza zonsezo pamodzi ndi mpunga. Sindinkadziwa kuti akuluakulu amanyozana kuseri, pamaso n'kumapatsana moni ndi manja awiri. Chonsecho a Mbewe omwewo ndiwo ankawatenga bambo pagalimoto m'mawa uliwonse popita kuntchito ku Markham.

Pa phwando la Khirisimasi bambo anandiitana monyadira. "Bwera, uwaonetse amalume ako luso lako." Komiki ija inayenda m'manja m'manja, anthu akuseka, mpaka inafika kwa a Mbewe. Anavala magalasi. Patsamba lomaliza panali chimunthu chamimba, kachipewa kaja kumutu, mpata wa mano ngati wa a Mbewe, Chiphaliwali atachigwira pakhosi. Mawu a Chiphaliwali ndinawalemba m'Chichewa, ndendende mmene bambo ankanenera: "Mbava inu, mwadya dziko!"

A Mbewe anawerenga mokweza, pang'onopang'ono. Kenaka anavula magalasi aja. "Mwanayu Chichewa sachitha, amatiyankha m'Chingerezi. Mawuwa ndi a munthu wamkulu."

Mayo ine, manyazi ake! Ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowemo. Bambo anangozyolika, maso pansapato. Sanandikalipire n'komwe, ndipo zimenezo ndiye zinandipweteka koposa. A Mbewe anasiya kuwatenga pagalimoto, ndipo chisanu chonsecho ndinkawasuzumira bambo pawindo akudikira kukwera basi, mapewa atakwera mpaka m'makutu.

Masiku ano ndale za kumudzi timatukwanirana pafoni, mawa lake n'kuiwala. Anzanga amakangananso ngati olemba makomiki ayenera kulowetsa ndale m'nkhani za anthu ouluka aja. Ine ndimati alowetse, bola maganizowo akhale awoawo, adziwenso amene zikamugwere. Anga anali obwereka, ndipo zinagwera eni ake. A Mbewe anamwalira asanapondenso pakhomo pathu. Pamaliro pawo bambo, amene anayenera kunyamula nawo bokosi, anaima kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko.