Ndinathira zotsala za mabulosi m'thobwa la atate

Inu owerenga, ine ndinamwetsa atate anga zinthu zimene amayi ankataya kudzala, ndipo musayembekezere kuti ndilira. Ndinalakwitsa chinthu chimodzi chokha, ndikuuzani.

Kwathu ndi ku Dambwa, ndili ku sekondale. Mabulosi akapsa, amayi amafinya n'kumagulitsa juwisi m'mabotolo. Makungu ndi timbewu totsala mu sefa ankataya. Tsiku lina aphunzitsi a sayansi anatiuza kuti ubwino wambiri wa chipatso umatsalira m'makungu momwemo, ndipo umathandiza kuti m'mimba muziyenda bwino. Pompo ndinakumbukira atate. Iwo amayendetsa minibasi, tsiku lonse ali pampando, chakudya chawo nyama yootcha ndi mabanzi. Ankadzimbidwa mpaka kumabuula m'chimbudzi ife tikumva panja. Koma ukawapatsa chipatso ankati zimenezo n'za anyani a ku mathithi a Mosi-oa-Tunya.

Ndiye ndinayamba kuyanika zotsalazo padenga, kusinja, kusunga ufa wake m'chitini, n'kumathira m'botolo lawo la thobwa la mawere. Mtundu wake unabisala bwinobwino. Ankamwa n'kumayamikira amayi kuti thobwa layamba kukoma, ine ndikufa nako kuseka kuseri kwa chitseko.

Kudzimbidwa kunatha ndithu. Vuto linali lakuti chimbudzi chinayamba kutuluka chakuda ngati chosakanikirana ndi magazi. M'malo mopita kuchipatala, atate anakumbukira kuti anakanganapo za nkhuku ndi ba Nalukui, mayi wamasiye wa ku Mongu woyandikana nafe. Basi, akuti awalodza. Nkhani inafala, anthu anasiya kugula tomato wa mayiwo, ndipo atate anaitana akulu a mpingo kuti adzafunse mayiwo pabwalo pathu. Ba Nalukui anakhala pansi akulira, atagwidwa paphewa ndi mwana wawo, mnzanga wa m'kalasi. Apo kuseka kunandithera.

Ndinakatenga chitini cha ufa uja n'kuchiika pakati pa anthu. "Atate, mfiti yanu ni ine."

"Iwe! Wanidyetsa zinyalala?"

"Nanga simunaleke kubuula?"

Mkulu wina wa mpingo anayamba kutsokomola pobisa phwete. Lamba ndinamulawa tsiku limenelo, sindikana. Titapita ndi atate kuchipatala, anamwino anati si magazi, ndi mtundu wa mabulosi chabe, ndipo zotsalazo n'zabwino. Koma anandikalipira kuti munthu sapatsidwa chinthu mobisa, bwanji akanakhala kuti akumwa mankhwala ena?

Choncho anzanga, zotsala za mabulosi musataye, ndipo zimenezo sindibweza. Kungoti muuzeni munthu chimene mukumumwetsa, chifukwa amene analira pa masewera angawa si ine, si atate. Kwa ba Nalukui ndinagwada, ndipo mpaka lero ndimawanyamulira dengu la tomato. Kwa atate sindinapepese ndipo sindidzapepesa. M'mawa uliwonse amagwedeza botolo lawo n'kufunsa amayi motsitsa mawu ngati athiramo tija ta anyani.