Kachitsulo ka pa motolo wa aZuze

Ndikakumbukira aZuze, amene tinayandikana nawo nyumba titabwerako ku Zambia nkhondo itatha, ndimamva fungo la mafuta a gazolina losakanikirana ndi matope a mtsinje wa Luia. Iwo ndiwo ankaolotsa anthu pa bwato la motolo madzi akadzaza. Loweruka lililonse ankamiza mwendo wa motolo mumgolo wa madzi oyera n'kuuliza, maso ali pa kamadzi kamene kankatuluka kumbuyo ngati mkodzo wa mbuzi. Ankati kamadziko kakasiya, motolo wapsa.

Pa mwendo wa motolowo, pamwamba pa mapiko ozungulira m'madzi, panali kachitsulo kotuwa, kodyekadyeka ngati chimanga cha anankafumbwe. Kankandinyansa. Tsiku lina atapaka bwato utoto umene tinkautcha tinta, ine ndinatenga yotsala n'kukapaka kachitsuloko kuti ndiwasangalatse. Sindinauze munthu, ndipo poti tintayo inali yotuwa ngati kachitsuloko, aZuze sanazindikire.

Miyezi inapita. Mvula ili pakati, amayi matenda a uchembere anawayamba masana, ndipo azamba anati mwana wagona mopingasa, tithamangire kuchipatala kutsidya. Ine ndinakwera nawo nditanyamula nsalu. Tili pakati pa mtsinje, kamadzi kaja kanayamba kudontha pang'onopang'ono, kenaka kanasiya. Fungo la chitsulo chotentha linatifika. AZuze anazimitsa motolo.

Madzi anatitenga, kulunjika kumiyala ya kumunsi imene inkamveka kukokoma. Amayi ankaluma nsalu. AZuze anawerama pa motolo. Anasolola sipoko ya njinga m'chipewa, n'kumatokosa kabowo ka madzi. Munkatuluka zoyera ngati mchere. Anakoka chingwe, motolo unalira, madzi osatuluka. Anazimitsanso, anatokosanso. Kachitatu kamadzi kanatumphuka, miyala ili pafupi moti ndinaona ndere zake.

Amayi atawanyamula kutsidya, aZuze anatukula motolo, naona tinta ija. Ndinaulula kuti ndinapaka ndine. Sanandikalipire. Anandipatsa mpeni kuti ndipale ndekha.

"Mwanawe, kameneka kamadyeka kuti motolo usadyeke. Ukakaveka malaya, dzimbiri limakadya m'kati, m'njira za madzi, mmene maso saona."

Mlongo wanga anabadwa wamoyo madzulo omwewo.

Ndinadzakwatiwa ndi mwana wa aZuze, ndipo chaka chatha tinamuika m'manda pafupi ndi bambo wake. Bwato ndimayendetsa ndine tsopano, ana anayi akudya pamenepo. Loweruka ndimadzaza mgolo, n'kuliza motolo, ndipo ndimakanda kachitsulo ndi chikhadabo. Ndikakapeza kadyeka, mtima wanga umakhala pansi.